MKAKA NDI NTHENDA YA KUTHAMANGA KWA MWAZI

Nkhani ya zaumoyo ya pa wailesi, kwa anchito a m'migodi ndi onse okhala m'matauni

Mu mgodi wa Konkola ku Chililabombwe muli madzi ambiri, kotero kuti uwerengedwa pakati pa migodi yonyowa koposa pa dziko lonse lapansi. Usana ndi usiku mapampu akulu-akulu aturutsa madziwo, oposa malita 300,000,000 pa tsiku, ndipo akaleka, nchito yonse ya pansi ikhala pa ngozi. Cifukwa ca ici pali amuna amene nchito yao ndiyo kuyang'anira kawochi koonetsa mphamvu ya madzi m'mipope. Amunawa adziwa kuti mpope suphulika tsiku limene mphamvu iyamba kupyola muyeso. Upirira miyezi, kapena zaka, uli kudyeka m'kati pamene kunja uoneka wabwino, kufikira tsiku limene ung'ambika pa malo ofooka.

Munthu ali yense ali nayo pampu yace m'cifuwa. Mtima, umene ukulu wace ulingana ndi nkhonya ya mwini wace, ugunda pafupi-fupi nthawi 100,000 pa tsiku, nuzunguliritsa malita 5 a mwazi m'thupi lonse kosalekeza. Mipope yace ndiyo mitsempha. Ndipo monga mu mgodi, mphamvu ikapyola muyeso m'mitsempha iyi, cionongeko ciyamba mwakacetecete.

Nthenda yosamveka kuwawa

Nthenda iyi anthu aicha kuthamanga kwa mwazi, ndipo m'matauni idziwika ndi dzina lakuti BP. Dzina loyambalo lisoceretsa pang'ono, pakuti mwazi suthamanga kweni-kweni: ukankha zipupa za mitsempha ndi mphamvu yoposa imene zinayenera kulandira. Dotolo akamanga lamba pa mkono wa munthu apeza manambala awiri. Nambala ya pamwamba ndiyo mphamvu ya mwazi pamene mtima ufinya, ya pansi ndiyo mphamvu yotsala pamene mtima upumula. Munthu wamkulu wangwiro apezeka pafupi ndi 120 ndi 80. Koma manambala akafika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, nakhala pomwepo poyesa masiku osiyana, ndiye kuti nthenda yalowa.

Coopsa cace ndi cakuti anthu ambiri samva kanthu. Mwamuna angathe kutsika mu mgodi tsiku ndi tsiku, kudya bwino, kuseka ndi anzace, pamene mtima wace uli kutupa ndi kulema, impso ziri kuonongeka, ndi timitsempha ta mu ubongo tiri kufooka. Tsiku lina agwa pansi, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, pakamwa papotoka, mau saturuka. Abale ayamba kufunsana kuti wamlodza ndani, naloza zala mnzace amene analimbana naye udindo ku nchito. Koma mfiti yace inali m'mitsempha mwace zaka khumi, ndipo lamba wa dotolo akadaiona m'mphindi ziwiri. Nyumba imene inadalira malipiro ace itsala pa umphawi.

Bungwe la World Health Organization linalengeza m'caka ca 2023 kuti anthu okhala ndi nthendayi anacuruka kucokera pa mamiliyoni 650 m'caka ca 1990 kufika pa mamiliyoni 1,300 m'caka ca 2019, ndi kuti pafupi-fupi theka la iwo sanadziwe kuti adwala. M'Zambia, kufufuza kwa boma kwa m'caka ca 2017 kunapeza nthendayi mwa munthu mmodzi pa akulu asanu ali onse.

Mkangano wa mkaka

Munthu akauzidwa ku cipatala kuti ali ndi BP, alangizi acuruka. Wina amuuza kuti aleke nyama, wina kuti amwe madzi a ndimu, ndipo pa nkhani ya mkaka anthu agawikana pawiri. Ena anena kuti mkaka ndiwo mafuta okha-okha, unenepetsa ndi kutseka mitsempha, motero wodwala asaukhudze. Ena anena kuti mkaka ndiwo mankhwala, ndipo womwa kapu imodzi m'mawa safuna mapiritsi. Magulu onse awiri ali ndi kacigawo ka coonadi, ndipo onse awiri alakwa. Pofuna kuweruza mlandu uwu ndi bwino kumva mboni zimene zinaona ndi maso.

Mboni zoyamba zicokera ku Kenya. M'caka ca 1929 dotolo wina, C. P. Donnison, analemba za amuna 1,000 a m'midzi ya pafupi ndi nyanja ya Victoria amene anawayesa. Anapeza kuti mwazi wao sunakwere pokalamba monga ucitira mwa Azungu a ku Ulaya. Pambuyo pace, m'zaka za 1960, dotolo A. G. Shaper ndi anzace anayesa Asamburu, abusa a ng'ombe a kumpoto kwa dzikolo, amene cakudya cao cacikuru cinali mkaka. Anthuwa anamwa mkaka wambiri koposa umene wa m'tauni angamwe, koma mwazi wao unali wotsika. Tsono anyamata ena a mtundu womwewo analowa usilikari, nayamba kudya cakudya ca ku kampu, ca ufa ndi mcere wambiri. Zitapita zaka zowerengeka matupi ao analemera, ndipo mwazi wao unakwera.

Zonga zomwezi zinaoneka m'zaka za 1980 pakati pa Aluo amene anacoka ku midzi kupita ku Nairobi. Mwazi wao unayamba kukwera m'miyezi yoyamba yeni-yeni, ndipo poyesa mikodzo yao kunaoneka kuti anali kudya mcere wocuruka ndi kucepetsa zakudya za m'munda. Nkhani iyi ikhudza yense amene anasiya mudzi wace ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke nadza ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Lusaka. Cimene cinakweza mwazi wa anthu aja si mkaka ai. Ndi makhalidwe a m'tauni.

Mayeso a ku America

Komabe nkhani ya Asamburu payokha siikwanira, pakuti iwo anali anthu oonda, oyenda mitunda yaitali ndi zoweta zao, osadya mcere wambiri. Panafunika mayeso oikidwa mwadala. Mayeso otere anacitika ku America m'mizinda inai, Baltimore, Boston, Durham ndi Baton Rouge, ndipo zotsatira zace zinafalitsidwa m'caka ca 1997. Adziwika ndi dzina lakuti DASH.

Anthu 459, oposa theka a iwo anthu akuda, anagawidwa m'magulu atatu, ndipo kwa masabata 8 anadya cakudya cophikidwa ndi oyesawo, osati ca kunyumba. Gulu loyamba linadya monga adyera anthu wamba a m'dzikomo. Gulu laciwiri linaonjezeredwa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Gulu lacitatu linalandira zipatso ndi masamba omwewo, pamodzi ndi mkaka wocotsedwa mafuta kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo nyama yonona ndi zotsekemera zinacepetsedwa. Mcere unali wolingana m'magulu onse, ndipo oyesa anasamala kuti munthu asanenepe kapena kuonda.

Pa mapeto, nambala ya pamwamba ya gulu la zipatso ndi masamba inatsika ndi 2.8 poyerekeza ndi gulu loyamba. Ya gulu lacitatu inatsika ndi 5.5, ndi ya pansi 3.0. Ndipo pakati pa iwo amene anali nayo kale nthenda, cakudya ca gulu lacitatu cinatsitsa nambala ya pamwamba ndi 11.4, ya pansi ndi 5.5, kumene kuli kutsika konga kumene piritsi limodzi la BP licita. Kusinthaku kunaoneka m'masabata awiri oyamba.

Manambala awa aoneka ang'ono kwa munthu wosazolowera. Koma madotolo, atasonkhanitsa mayeso ambiri a mankhwala m'caka ca 2021, anapeza kuti kutsitsa nambala ya pamwamba ndi 5 kucepetsa ngozi zazikuru za mtima ndi ubongo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pa mzinda wa anthu zikwi zambiri, gawo limenelo ndilo atate ndi amai ambiri otsala ndi moyo.

Apa pafunika kucenjera. Gulu lacitatu silinasiyane ndi laciwiri pa mkaka pokha, popeza linacepetsanso mafuta ndi shuga. Motero ulemu wonse sungapite kwa mkaka. Cimene mayesowo anatsimikiza ndi ici: cakudya cokhala ndi masamba, zipatso ndi mkaka wosanona citsitsa mwazi, ndipo mkaka uli m'gulu la abwenzi, osati la adani.

Mboni za maiko ambiri

Pali kufufuza kwina kwakukuru kochedwa PURE, kotsogoleredwa ndi sukulu ya McMaster ku Canada, kumene kunatsata anthu a maiko 21, pakati pao Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa. Zimene anafalitsa m'caka ca 2020 zinali za anthu oposa 147,000. Anapeza kuti pakati pa amene anadya za mkaka kawiri kapena kuposa pa tsiku, ogwidwa ndi BP anacepa ndi 11 pa 100 poyerekeza ndi osadya konse. Ubwinowu unaoneka ngakhale mwa iwo akumwa mkaka wosacotsedwa mafuta.

Koma kufufuza kwa mtundu uwu kungoyang'ana anthu monga akhalira. Sikungathe kunena motsimikiza kuti mkaka ndiwo wacita. Womwa mkaka masiku onse kawiri-kawiri ndiye wopezako bwino, amene afikanso msanga ku cipatala. Ndipo m'caka ca 2017 anzeru ena, poyesa nkhaniyi ndi njira ya cibadwa ca anthu oposa 170,000, sanapeze umboni wakuti mkaka pawokha utsitsa mwazi. Cotero ciweruzo coyenera ndi ici: mkaka womwedwa pa muyeso sukweza mwazi; thandizo lace, likakhalapo, ndi laling'ono; ndipo ligwira nchito pamene mkaka uyenda pamodzi ndi zakudya zina zabwino. Mutu umodzi susenza denga.

Cimene ciri m'kapu

Kapu imodzi ya mkaka, ndiyo kota ya lita, iri ndi mamiligalamu pafupi-fupi 300 a kasiyamu ndi oposa 350 a potaziyamu, pamodzi ndi maginiziyamu pang'ono. Sodiyamu, cinthu ca mu mcere cimene cikweza mwazi, alimo wocepa, pafupi-fupi mamiligalamu 100. Sodiyamu agwira madzi m'thupi, monga mcere wa m'thumba ukoka cinyezi nyengo ya dzinja, ndipo madzi akacuruka m'mipope mphamvu ikwera. Potaziyamu acita zosiyana: athandiza impso kutaya sodiyamu m'mikodzo, nafewetsa zipupa za mitsempha. Kasiyamu ndi maginiziyamu ali ndi gawo lao pa kufinya ndi kumasuka kwa minofu ya m'zipupazo.

Si zoyera zonse ziri mkaka

Pa sitolo pali zinthu zambiri zochedwa mkaka, ndipo wogula ayenera kuzisiyanitsa.

Mkaka wa madzi, wa ng'ombe kapena wa mbuzi, ndi mkaka wa ufa weni-weni, ndiwo umene mboni zija zinena. Kapu imodzi kapena ziwiri pa tsiku zikwanira munthu wamkulu. Wonenepa kwambiri acita bwino kusankha wocotsedwa mafuta, kapena kuuwiritsa ndi kuyengula mafuta oyandama pamwamba utazizira.

Mkaka wosasa, umene Atonga aucha mabisi, Angoni amasi, ndi anthu a ku Malawi cambiko, uli ndi zabwino zonse za mkaka watsopano. Makolo a ku cigawo ca kumwera ndi ca kumadzulo anadya nsima ndi mabisi kalekale madotolo asanayambe kuwerenga manambala awa. Yogati ndiye mbale wace, koma wa m'timabotolo ta mitundu-mitundu kawiri-kawiri adzazidwa shuga. Ndipo wothira masipuni anai a shuga m'mabisi afafaniza ndi dzanja lamanzere zimene walemba ndi lamanja.

Mkaka wolimba wotsekemera wa m'citini, wochedwa kondensi, pafupi-fupi theka lace ndi shuga. Unenepetsa, ndipo kunenepa ndiko kumodzi kwa zinthu zazikuru zokweza mwazi.

Palinso ufa woyera wothira m'tiyi umene uoneka ngati mkaka, ukoma ngati mkaka, koma upangidwa ndi mafuta a mitengo ndi manyuci a cimanga. Mulibe kasiyamu wa mkaka m'menemo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula awerenge zolembedwa pa paketi asanaturutse ndalama.

Chizi ali ndi kasiyamu wambiri, komanso mcere ndi mafuta ambiri. Ayenera kudyedwa pang'ono. Batala ndiye mafuta a mkaka okha, wopanda zija zothandiza mwazi, ndipo sawerengedwa konse pa nkhani iyi.

Macenjezo atatu

Loyamba likhudza mimba. Akulu ambiri a mu Africa, monganso a ku Asia, akamwa mkaka watsopano amva mimba kulira, kutupa ndi kutsegula. Si nthenda ai. Mu mkaka muli shuga wa mtundu wace, ndipo matumbo a anthu ambiri aleka kumgaya bwino ubwana utatha. Wotere ayese mabisi, pakuti tizirombo tosasitsa mkaka tadyako kale shugayo, kapena amwe theka la kapu pamodzi ndi cakudya. Zikakanika, asadzikakamize.

Laciwiri likhudza mkaka wogulidwa m'zigubu m'mbali mwa mseu kapena wocokera ku mudzi. Ng'ombe zina, maka-maka za m'madambo a mtsinje wa Kafue, ziri ndi cifuwa cacikuru ndi nthenda ina yopoloza ng'ombe, imene mwa munthu idzetsa kutentha thupi kobwera-bwera ndi kuphwanya m'mfundo. Nthenda izi zipita mu mkaka wauwisi, ndipo kusasa sikupha tizirombo tonse. Mkaka wotere uwiritsidwe. Wofuna mabisi auwiritse poyamba, auziziritse, nathiremo mabisi pang'ono abwino a dzulo kuti usase. Mkaka wa m'mapaketi otsekedwa ku fakitale unatenthedwa kale.

Lacitatu likhudza iwo amene impso zao zinaonongeka. Impso zodwala zilephera kutaya potaziyamu, ndipo akacuruka m'mwazi asokoneza kugunda kwa mtima. Wodwala impso asaonjezere mkaka, nthoci kapena mcere wa mtundu wina uli wonse asanafunse dotolo wace.

Nanga wopanda ndalama ya mkaka?

Mkaka uli ndi mtengo, ndipo nyumba zambiri za m'makomboni siziuona masiku onse. Asataye mtima, pakuti zimene ziri mu mkaka zipezekanso pa msika wa pafupi. Kapenta, pakuti adyedwa ndi minga yace, ali ndi kasiyamu wambiri; koma wina aumitsidwa ndi mcere, motero abviikidwe m'madzi ndi kutsukidwa asanaphikidwe, ndipo mcere wina usathiridwenso. Nkhwani, bonongwe, kholowa, repu ndi masamba a cinangwa ziri ndi potaziyamu ndi kasiyamu. Nyemba, nsawawa, mbatata, maungu, nthoci, mango ndi mapapaya ziri m'gulu lomwelo. Ndiwo zotendera za agogo, zimene ena aziyesa za amphawi atafika m'tauni, ziri pafupi kwambiri ndi cakudya cimene anzeru a ku America anaciyesa ndi ndalama zambiri.

Mdani wamkulu

Munthu angamwe mkaka wabwino m'mawa ndi madzulo, koma ngati dzanja lace liri lolemera pa mcere apindula pang'ono. Muyeso wa World Health Organization ndiwo magalamu osafika 5 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndiko kunena kasipuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera mcere wonse wa m'zakudya zonse. Kufufuza kwa m'Zambia kwa 2017 kunapeza kuti anthu anali kudya pafupi-fupi kawiri muyeso umenewu. Mcere wambiri ubisala: uli mu buledi, m'soseji ndi poloni, m'nsomba zouma za mcere, m'timibulu tokometsera ndiwo, m'zakudya za m'zitini, ndi mu soda wa ku sitolo wophikira therere.

Mayeso aciwiri a DASH, a m'caka ca 2001, anasonyeza mphamvu ya kuphatikiza ziwirizi. Anthu 412 anayesedwa, ndipo mwa odwala BP, cakudya cija pamodzi ndi mcere wocepa cinatsitsa nambala ya pamwamba ndi 11.5 poyerekeza ndi cakudya wamba ca mcere wambiri. Lilime lizolowera: mai wa pa nyumba akacepetsa mcere pang'ono-pang'ono, patapita masabata owerengeka a m'nyumba saonanso kusiyana. Wogwira nchito pa malo otentha pansi, amene ataya thukuta lambiri, amwe madzi okwanira, ndipo za mcere woonjezera afunse dotolo wa pa mgodi, osadziweruzira yekha.

Pamodzi ndi mcere pali mowa wopyola muyeso, fodya, kunenepa ndi kukhala pansi tsiku lonse. Mimba yaikuru iyesedwa cizindikiro ca ulemerero, koma kwa mtima ndiyo katundu woonjezera wosenza usana ndi usiku.

Mau otsiriza

Funso lija liyankhidwa motere. Wodwala BP asaope mkaka: kapu imodzi kapena ziwiri za mkaka wowiritsa kapena mabisi osathira shuga ziyenera pa cakudya cace. Koma asayese mkaka mankhwala. Amene anapatsidwa mapiritsi ku cipatala awamwe tsiku liri lonse, ngakhale pamene amva bwino, pakuti mapiritsiwo agwira nthenda monga mpanda ugwira ng'ombe. Mpanda ukacotsedwa ng'ombe zibwerera m'munda. Ambiri amene anagwa ndi kufa ziwalo ndi amene analeka mankhwala poganiza kuti acira.

Ndipo amene sanayesedwepo apite ku kiliniki ya pafupi, apereke mkono wace kwa namwino, nafunse manambala ace awiri, nawalembe pa kapepala. Acite cotero kamodzi pa caka, ndipo apite naye mkazi wace, pakuti nthendayi siisankha mwamuna, ndipo mwa mai woyembekezera iri yoopsa koposa. Ku Konkola palibe kapitao wanzeru amene ayembekeza mpope kuphulika kuti adziwe mphamvu ya madzi. Ayang'ana kawochi nthawi ikalipo. Madzi akatayika saoleka.